Chombo cha a Chikafa

Chombo cha a Sylvester Chikafa chinasowa dzuwa likuswa mtengo, pakhomo patadzaza anthu olira. Ine ndinali pomwepo, kukhitchini, ndikutsuka makapu, ndipo sindinaone kanthu. Ndikunena zimenezi poyambirira chifukwa Amalawi a ku Buruburu ankanditcha Magdalene wa maso anayi, ati palibe amene akanagula nsapato zatsopano kapena kuyambana ndi mkazi wake ine osadziwa. Tsiku limenelo maso anayi onsewo anali pa makapu.

Munali chakumapeto kwa 1982. A Chikafa ankamasulira Chifalansa ku bungwe lina la mayiko ambiri kuno ku Nairobi, ndipo nyumba yawo ndi yanga zinangolekana ndi khoma. Anagwa kuofesi ndi nthenda ya mtima, pofika nawo kuchipatala n'kuti atatsamira kale mkono. Thupi linali ku mochale, kudikira ndege ya Loweruka yopita kumudzi. Ife tinachita monga timachitira kwathu. Tinatulutsa mipando ndi matebulo, tinayala mphasa, amayi m'nyumba, abambo panja pansi pa tenti. Anansi athu Achikikuyu ankasuzumira pampanda, kuyesa tikusamuka.

Chimene sitinatulutse chinali chombocho. Chinali chamatabwa, chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, cha milongoti itatu, matanga ake a nsalu ya malaya akale, ndi timizinga tamkuwa m'mbali. A Chikafa adachisema okha kwa zaka zambiri, ndipo chinkakhala pamwamba pa kabati yokhomera kukhoma. Dzina lake iwo ankalitchula mopinda lilime. Ife tinkangoti Mezanje.

Aliyense amene adamwapo tiyi m'nyumba imeneyo ankaidziwa mbiri ya Mezanje, afune asafune. Malinga ndi a Chikafa, chombo chenichenicho adachikhoma ku Falansa kalekale, zombo zikuyendabe ndi mphepo, Afalansa ndi Angerezi ali pa nkhondo. Sichinali cha boma. Chinali cha amalonda, koma boma lidawapatsa chilolezo choti azilanda zombo za Angerezi panyanja n'kumagawana katunduyo. "Uchifwamba wokhala ndi chidindo," ankatero a Chikafa uku akuseka. Chidakakhazikika pachilumba cha Morishasi n'kumasaka panyanja ya Indiya, lero chombo cha mpunga, mawa cha nsalu, mkuja cha tsabola. Tiyi ankazizira m'kapu iwo asanafike n'komwe pakati pa nkhaniyo. Ine ndinkadandaula nayo nkhani imeneyi, koma sabata ya maliro ndinaisowa koopsa.

Amene anaona kuti pakabati palibe kanthu anali a Percy, akulu awo a malemu, amene anali atafika dzulo lake kuchokera ku Blantyre. Anali mkulu wa mpingo, ndipo ngakhale popempha madzi akumwa ankalankhula ngati ali paguwa. Anandiitanira kuseri kwa tenti, poti ndine ndinkasunga makiyi a nyumbayo masiku amenewo.

"Mayi, chombo chija chili kuti?"

"Pakabati."

"Pakabati pali fumbi. Dzulo ndinachiona ndi maso angawa. A Vitus andiuza kuti kuofesi kwa malemu kuli mzungu wa ku Falansa amene wakhala akuchifuna kwa nthawi yaitali. Ndiye kuti si chidole. Ndi katundu wa banja la Chikafa, ndipo amene akayankhe kumudzi za katundu ameneyu ndine." Anakonza tayi. "Mwamuna amene walowa m'nyumba muja lero ndi mmodzi yekha. Uja wa malaya othetheka pakhosi."

Ankanena a Medson.

A Medson adali mphunzitsi ku Dedza. Tsiku lina pamsonkhano wa aphunzitsi adalankhula mawu amene sadakomere anthu ena, ndipo anzawo amene adawombera m'manja mawuwo sadaonekenso. Iwo adathawa wapansi, n'kudzathera ku Kibera, dera la zisakasa kuno ku Nairobi, kumene ankaluka mipando. Analibe pasipoti, analibe chikalata chilichonse. Tonse tinkadziwa ndipo palibe ankanena. Mmalawi akamwalira ku Nairobi, ndiwo ankagwira ntchito ya adzukulu, kusambitsa thupi, kuliveka ndi kutseka bokosi, chifukwa amatayi onse aja ankaopa mtembo. Loweruka lililonse ankabwera kwa a Chikafa kudzathandiza kumanga tizingwe ta chombo.

"Ndikuitana apolisi," anatero a Percy.

Chichitikireni chipwirikiti cha mu Ogasiti chija, asilikali ena atayesa kulanda boma la Kenya, wapolisi wa ku Nairobi sankachoka pakhomo osafunsa mapepala. Kwa a Medson apolisi sankatanthauza mlandu wa kuba. Ankatanthauza kubwezedwa kumudzi, m'manja mwa anthu amene ankawadikira.

"Bambo, pamaliro sitiitana apolisi. Mundipatse mpata mpaka mapemphero a madzulo. Chombocho ndichipeza."

"Bwanji mukumuikira kumbuyo munthuyu?"

Apa ndiye panali povuta. A Percy anali wochokera kumudzi, ndipo Loweruka ankabwerera kumudzi. Masiku amenewo munthu wotero sunkamuuza kuti uje adathawa, ngakhale akhale mbale wako wa bere limodzi, chifukwa sunkadziwa kuti akafika akacheza ndi ndani. Ndinangoti, "Ndi munthu wabwino."

"Ndamva," anatero a Percy. Sananene kuti avomera.

* * *

M'nyumba amayi anali pa nyimbo. A Flossie, anamfedwa, anakhala pakona atafunda nsalu kumutu, miyendo itatambasulidwa pamphasa. Ndinadutsa chowerama, ndinakoka chitini cha ufa, ndinakwerapo ngati ndikufuna kutsegula zenera la pamwamba.

Pakabati panali malo oyera pomwe chombo chinkakhala. Kumbuyo, chakukhoma, ndinapeza milongoti yonse itatu itagonekedwa bwinobwino, matanga atapindidwa ndi kumangidwa ndi ulusi. Panalibe chothyoka ngakhale chimodzi. Amene anachita zimenezi ankadziwa pozulira, ndipo anachita mwaulemu.

Zimenezi zinandisokoneza. Wakuba wofuna kugulitsa chombo kwa mzungu sangasiye milongoti, monganso munthu sangagulitse njinga atachotsa matayala. Ndinasisita pafumbipo ndi chala, chalacho chinabwera chofiira. Linali dothi, losalala ngati losefa, louma kwambiri.

Dothi la ku Buruburu ndi lakuda. Lofiira lili mbali ina ya tauni, kuphatikizapo ku Kibera, ndipo ndinadziwa kuti a Percy akaliona anena kuti umboni suwu. Koma matope a ku nsapato sakwera pamwamba pa kabati. Ndinapukuta chalacho kuchitenje changa n'kutsika.

* * *

A Bessie ndinawapeza kuseri kwa nyumba akudula ndiwo zamasamba za sukuma. Anali mkulu wa amayi athu, ndipo pamaliro aliwonse ndiwo ankagawa ntchito ndi kudandaula kuti palibe akuwathandiza.

"Inu a Magi, mwabwera kudzadula kapena kudzayang'ana? Onani anthu onsewa, ndiwo zake izi. Atsikana a masiku ano angobwera kudzaimba."

Ndinatenga mpeni. "Kodi masanawa anamfedwa anatsalapo okha?"

"Okha? Ine ndilipo? Namfedwa sasiyidwa yekha, inu mukudziwa. Amayi atatuluka kudzadya ine ndinakhala nawo phee." Anadula kangapo. "Kupatula pomwe anandituma phala. Chiyambire Lolemba munthu sanaike kanthu kukamwa, ndiye akuti a Bessie ndikufuna phala, la ufa woyera, muphike nokha. Ine ndikane? Ndinathamanga."

"Ndiye a Medson analowa nthawi imeneyo?"

"Ndinakumana nawo pakhomo. Ankadzatenga zovala za malemu kuti apite nazo ku mochale. Ndinalongedza ndine m'mawa, suti ya buluu ija, malaya oyera, tayi, masokosi. Nsapato ayi."

"Munalongedza m'chiyani?"

"M'chikwama cha bulauni chija. Bwanji kodi?"

"Chimodzi?"

"Munthu mmodzi avale zikwama zingati?" Anandiyang'ana cham'mbali, kenaka anatsitsa mawu. "Ndamva zimene akunena alamu awo aja. Tapangana amayi tonse kuti zisafike kwa amake Lenah. Munthu ali ndi chisoni chokwana kale. Ndipo phalalo, ndikuuzeni, sanadye. Lili apo, lachita kugwirana."

A Flossie tonse akale tinkawatcha amake Lenah, ngakhale m'nyumbamo munalibe mwana. Obwera kumene ankayesa kuti Lenah ali kusukulu kumudzi, ndipo ife sitinkawawongola.

* * *

A Vitus anali atatsamira galimoto yawo ya Pijo kumsewu, akusuta. Ankagwira ntchito kuofesi imodzi ndi malemu, ku gawo la maulendo, ndipo adakhalitsa ku Nairobi moti chiganizo chimodzi ankachiyamba m'Chichewa n'kukachimalizira kwina.

"Madamu, ine *honestly* sindikufuna *shida*. Mdala uja wandifunsa, ine ndayankha zimene ndaona, *basi*."

"Mwaona chiyani?"

"Ndinamutenga Medson kupita ku mochale. Anali ndi chikwama, komanso kamtolo kena m'chitenje. Ndinati ika m'buti, akuti ayi. Chikwama anaika kumbuyo, koma mtolowo anaufungatira pamiyendo njira yonse, ngati khanda. Ndikagunda dzenje akuti *pole pole*, a Vitus."

"Chitenje chamtundu wanji?"

"Chobiriwira, cha mbalame zoyera. Zimenezi mundifunse ine mwamuna?"

"Munaima penapake? Ku Kibera, kapena kutauni?"

"*Nowhere*. Jogoo Road, tauni, mpaka pageti. Iye analowa, ine ndinatsala m'galimoto. Mukundidziwa ine ndi malo amene aja." Anataya ndudu n'kuiponda. "Koma Medson, Medson. Mukukumbuka m'mene malemu ankafotokozera za Mezanje? Ati chikaona chombo cha Angerezi chinkakweza mbendera ya Angerezi, n'kumayandikira ngati mnzawo, amalinyero akubayibitsana. Chikafika pafupi, mbendera pansi, ya Falansa m'mwamba, mizinga panja. Mwina anthu enanso amatero. Zaka zonsezi kumadya m'nyumba mwa munthu."

"Potuluka ku mochale ananyamula chiyani?"

"Chikwama. Chopanda kanthu, ankachigwedeza ndi chala chimodzi."

"Nanga mtolo uja?"

Ndinaona kuti funso limeneli a Percy sanawafunse, ndipo a Vitus nawonso anali asanadzifunse.

"Sanatuluke nawo," anatero pang'onopang'ono.

* * *

A Medson anali pampope kuseri kwa tenti, atakhala pamwala, manja akuwaumitsa padzuwa. Pamaliro mdzukulu amadya payekha, ndipo mbale yawo inali pambali, yosakhudzidwa. Anali munthu woonda, wa imvi zofulumira, wolankhula ngati akadali kutsogolo kwa kalasi ya ana ofatsa.

"Achemwali, mwayenda kwambiri masanawa. Ndakuonani."

"A Medson, a Percy akufuna kuitana apolisi. Mukudziwa tanthauzo lake. Chombo chili m'bokosi la malemu, si choncho?"

Sanadzidzimuke. Anayang'ana zikhatho zawo.

"Bokosi la pandege ndi la malata m'kati," anatero. "Alimata kale ndi moto, ndipo a zaumoyo adinda. Wina akanena kuti muli chinthu chosalembedwa, alitsegula. Likatsegulidwa silikwera ndege Loweruka, ndipo chimene chili m'katimo sichibwereramo."

"Ndi chombo chamatabwa chabe. Mufere chidole?"

"A Sylvester ankakuuzani mbiri ya Mezanje mpaka pati?"

"Mpunga, nsalu, tsabola. A Medson, nthawi ikutha."

"Pa tiyi ankalekezera pamenepo. Ine ankandiuza zotsala tikamamanga zingwe. Padafika nthawi yoti Afalansa ndi Angerezi adagwirana chanza. Chilolezo cholanda chidatha mphamvu, eni chombo adasowa chochita nacho. Ndiye adachotsa mizinga ina, adakhoma mashelefu m'mimba mwake, n'kuyamba kupita ku Kilwa. Mukudziwa chimene chinkagulitsidwa ku Kilwa. Anthu, achemwali. Ambiri a iwo ochokera kwathu, oyenda wapansi miyezi, magoli m'khosi. Chinkawatengera ku minda ya nzimbe ya ku zilumba." Anapukuta manja pa thalauza ngakhale anali ouma kale. "Nkhondo itayambiranso chidabwerera ku uchifwamba, koma mwayi udali utachoka. Ati chombo chikanyamula anthu fungo silitha, ndipo Angerezi ankachimva chisanayandikire, ngakhale chikweze mbendera yanji. Adachipirikitsa mpaka pamiyala cha ku Pemba n'kuchitentha. A Sylvester ankati palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu aja amene adabwerera kwawo."

"Nkhaniyo ndi yachisoni, koma siyikuyankha funso langa."

"Yankho si langa."

"Ndiye nyamukani. Kwerani minibasi ya matatu mupite ku Kibera, mukasowe sabata imodzi. Ine nditsala ndi a Percy."

"Ndikathawa ndiye kuti ndaba. Apolisi atsata njira yanga ya lero, ndipo njirayo ikathera ku mochale." Anamwetulira pang'ono. "Komanso mdzukulu sachoka maliro asananyamuke. Ndidathawapo kamodzi, achemwali. N'zotopetsa."

Ndinaimirira. Ndinali wokwiya, ndipo misozi inali pafupi.

"Chinthu chimodzi," anatero kumbuyo kwanga. "Amake Lenah musawauze."

* * *

Ndinakawauza. Kwathu namfedwa safunsidwa mafunso, sauzidwa nkhani za panja, amangomuzungulira ndi kumuimbira. Ndi mwambo wabwino, ndipo tsiku limenelo ndi umene unachititsa kuti munthu yekhayo wotha kumasula a Medson ndi mawu amodzi akhale yekhayo wosadziwa kuti akuwaneneza.

Ndinakwawa pakati pa amayi mpaka pakona. A Bessie, amene anali atabwerera pamalo pawo, anandiponyera diso loti ndikuswa lamulo. Ndinalowetsa mutu wanga pansi pa nsalu ya a Flossie. Munali motentha, mukununkhira misozi ndi sopo.

"Amake Lenah, m'mawa munavala chitenje chobiriwira cha mbalame. Chili kuti?"

Nyimbo inkapitirira pamwamba pathu.

"Magi, iwe ndi maso akowo," anatero monong'ona.

"Dothi lofiira lija n'lakuti?"

"La kumanda a ku Lang'ata." Anandigwira dzanja. "Iwe unalipo pomwe tinkamuika Lenah. Chikuku, mwana wa zaka zinayi. Bambo ake anali atangoyamba ntchito, tinalibe wotithandiza kupita naye kumudzi. Tinamusiya pakati pa alendo, osadziwa ngakhale dzina la wogona pambali pake. Bambo ake sanalire pamanda paja. Mwezi wotsatira anagula matabwa."

"Chombo."

"Chaka chilichonse, tsiku lake likafika, ankapita okha kumanda. Ankabwera ndi dothi lodzaza dzanja m'mpango, n'kulisefa ndi sefa wanga wa tiyi, n'kuthira m'mimba mwa chombo pa kachitseko kapansi. Alendo akafunsa kuti bwanji chikulemera, ankati ndi mchenga woti chisapendeke. Ine ndinkakwiya, Magi. Ndinkati mwamuna wanga wandisiya n'kukwatira matabwa. Tsiku lina ndinawafunsa kuti mwa zombo zonse za padziko, bwanji chimenechi, choipa chotere? Anati, chombo chimenechi chidatenga ana a anthu ambirimbiri osabweza. Ndiye chibweze wanga."

Ndinali ndikudziwa nsapato za aliyense ku Buruburu, koma izi zinkachitika kuseri kwa khoma langa zaka zonsezo.

"Ankati tikadzapuma ntchito tidzapita nacho, tikakwirire dothilo kumanda a kwawo," anapitiriza a Flossie. "Ndiye dzulo ndamva alamu akufunsa za chombo, za mzungu. Ndikanawauza akanati n'zachikunja. Komanso dothi salola pandege. Ndinapempha a Medson. Anazula milongoti kuti chikwane, achiika kumapazi. Apita limodzi, bambo ndi mwana."

"Amake Lenah, alamu anu akuti a Medson aba chombocho. Akufuna kuitana apolisi."

Anasiya dzanja langa.

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire masana."

"Ndipo nonsenu mumadziwa?"

Sanadikire yankho. Anachotsa nsalu kumutu n'kuimirira. Nyimbo inaduka pakati pa mzere. A Bessie anati awagwire mkono, koma a Flossie anadutsa pakati pa miyendo ya amayi, opanda nsapato, opanda duku, n'kutuluka kupita ku tenti ya abambo, kumene namfedwa sapondako.

Kumsewu, kumbuyo kwa Pijo ya a Vitus, kunali kutaima kale galimoto ya apolisi.

* * *

A Percy sanadikire mapemphero. Nditangowasiya masana aja anapita ku foni ya kumashopu. Apolisi anali awiri, wamkulu wa mimba ndi wina wamtali wonyamula mfuti. A Medson anali ataima pakati pawo, manja kutsogolo, osamangidwa. Abambo onse a m'tenti anali ataimirira, aliyense akuyang'ana pansi.

"Alamu, bwererani m'nyumba," anatero a Percy. "Izi ndi za amuna."

A Flossie sanawayang'ane. Analankhula ndi wapolisi wamkuluyo m'Chiswahili chawo chophunzirira kumsika.

"Chombocho ndi cha mwamuna wanga. Ine ndine mkazi wake. Ndamupatsa ndine munthuyu. Sanabe."

"Mama, mwamupatsa nokha?"

"Ndi manja angawa."

"Chili kuti tsopano?"

A Flossie anakoka mpweya kuti anene, ndipo ndinaona kuti anena zonse, bokosi, dothi, mwana. A Medson anawadula.

"Chili kumene mwini wake anafuna kuti chikhale, bwana. Mphatso ikaperekedwa safunsanso."

Wapolisiyo anayang'ana mayi wopanda nsapatoyo, anayang'ana tenti, anayang'ana a Percy. Ankaoneka kuti watopa ndi Amalawi ndi zidole zawo. "Ngati mwini nyumba akuti anapereka, palibe mlandu," anatero. "Mzee, tsiku lina muzifunsana kaye musanatiitane. *Poleni kwa msiba*, pepani ndi zovutazi."

Ndinamva mpweya ukutuluka m'tenti monse. A Vitus anafika poseka pang'ono. Apolisi aja anatembenuka, ndipo wamkuluyo anali atagwira kale chitseko cha galimoto pamene wamtali uja, mwaulesi, ngati munthu wongokumbukira chizolowezi, anatambasulira dzanja kwa a Medson.

"*Kipande*."

Ankafuna chitupa. A Medson sanapapase m'matumba, sananamizire kuti aiwala kunyumba. Anangoima.

"Pasipoti? Chilolezo chokhalira m'dziko muno?"

"Ndilibe, bwana."

Wamkulu uja anasiya chitseko n'kubwerera.

Abambo anayesa. A Vitus analankhula zilankhulo zawo zonse zitatu. Wina anatchula udindo wake ku bungwe, wina anakokera wapolisi pambali. Koma anthu anali ambiri, anansi ali pampanda, ndipo chaka chimenecho wapolisi aliyense ankaopa mnzake. Anawamanga unyolo. A Flossie anagwira malaya a a Medson osafuna kusiya, mpaka a Medson eni ake anawauza kuti, "Mayi, lowani m'nyumba, pansi pakutentha."

Galimoto itapita, a Percy anatsala pakati pa bwalo, tayi ili m'malo mwake.

"Bwanji analibe mapepala?" anafunsa. Anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi, ndipo ndinaona akumvetsa pang'onopang'ono, chifukwa nawonso ankakhala m'dziko lomwelo ndipo ankadziwa chimene chimachititsa mphunzitsi kukaluka mipando kudziko la eni. Anakhala pampando wa munthu wina. "Mukanandiuza," anatero, mawu a paguwa aja atatha. "Inu anthu, mukanangondiuza."

Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Ndinawamvera chisoni, ndipo sindinawakhululukire.

* * *

Tinayenda m'maofesi masiku otsalawo, ine ndi a Vitus. Kulikonse ankatiuza kuti tibwere mawa. Nkhani zotere zimatenga miyezi, munthu ali m'chitokosi, ndipo tinkadalira miyezi imeneyo kuti tipeze loya kapena bungwe loona za othawa kwawo. Koma dzina la a Medson litangofika kumene linafika, zonse zinayenda mofulumira kuposa m'mene ndidaonerapo. Analipo amene anali asanawaiwale.

Loweruka tinaperekeza maliro ku bwalo la ndege ku Embakasi. A Flossie ndi a Percy analowa m'kati, ife tinakwera pamwamba pomwe operekeza amaimirira. Kunali mphepo. Amayi anayamba nyimbo koma siinagwire.

Tinaona kathirakitala kakukoka bokosi, litakutidwa ndi matabwa ndi chiguduli. Kenaka okwera ndege anayamba kutuluka pamzera. Kumapeto kwenikweni, onse atakwera, kunatuluka anthu atatu. Awiri anali a masuti. Wapakati anali ndi malaya omwe aja, othetheka pakhosi.

A Bessie anakhala pansi pasimenti n'kuphimba nkhope.

Pofika pamakwerero a Medson anaima. Onyamula katundu ankakweza bokosi mopendeketsa, mbali ya kumapazi ili m'mwamba, akukankha ngati thumba la makala. A Medson anakweza manja awo omangidwawo n'kuwalankhula. Mawu sitinawamve chifukwa cha injini. Mmodzi wa a masuti anawakoka pamkono, iwo osasuntha. Onyamula aja anayang'anana, anatsitsa bokosilo, analiwongola, n'kulikweza bwino, anthu anayi, mbali zonse mofanana. A Medson anadikira mpaka litalowa ndi chitseko chitatsekedwa. Atatero anakwera okha, osakokedwa.

A Flossie ndinadzaonana nawo patapita zaka zambiri, zinthu zitasintha kwathu, anthu atayamba kutchula mayina mokweza. Anandiuza kuti a Sylvester ndi Lenah adagona bwino, kumanda a kwawo, pansi pa mtengo wa masuku. Anati pandege paja a Medson adawakhazika kumbuyo kwenikweni, ndipo atatera ku Chileka panali galimoto yopanda nambala itaima pafupi ndi makwerero. A Flossie adapempha kuti angowapatsa moni, adawakaniza.

Tidafunsa kundende zonse zimene zidatsegulidwa. Tidafunsa ku Dedza. Mlongo wawo wa a Medson, mayi wokalamba, adatilandira pakhonde n'kutifunsa ngati tikudziwa kumene adawaika, kuti mwina apiteko akatengeko ngakhale dothi. Sitinkadziwa.